Kwa Mnansi Kukapanda Kufuka Utsi, Phwando Silinakonzeke

Mwezi wa Febuluwale ku Kaomba, m'boma la Kasungu, ndi mwezi wa fodya wochuluka ndi nsima yochepa. M'zigafa masamba amakhala ali lendelende pa mikangala, m'mabani utsi uli tolotolo usiku ndi usana, koma m'nkhokwe muli mbee. Chimanga cha m'munda chimakhala chisanakhwime, msika wa fodya wa Chinkhoma usanatsegulidwe, ndipo amene alibe pogwira amathamangira ganyu wolipidwa madeya kapena katapila wodzabweza fodya akagulitsidwa. M'masabata omwewa, kapena mu Malichi, Ayuda kulikonse kumene ali amachita chikondwerero cha Purimu, ndipo akangochimaliza amayamba kukonzekera Paska, amene amadza patapita masiku 30. Nyengo ziwirizi zinangokumana mwangozi, pakuti kalendala yawo inakonzedwa kutali ndi mvula yathu. Komabe zikutipatsa mpata wofunsa funso limene mipingo ya kuno siingalizembe: kodi munthu wosauka amalowa pati m'chikondwerero cha chipembedzo? Ayuda amayankha kuti amalowa pa kukonzekera, tsikulo lisanafike, pamodzi ndi kusesa m'nyumba ndi kugula ufa. Ine ndikuona kuti yankho limeneli ndi lolondola, ndipo likuposa chizolowezi chathu chokumbukira osauka phwando lili mkati kapena litatha.

Myuda wa lero si munthu amene wa ku Kaomba amakumana naye pamsika. Timamudziwira m'Baibulo, ndipo ambiri timaganiza kuti mbiri yake inathera m'buku la Machitidwe a Atumwi. Koma ku Zambia pafupi pomwepa, Ayuda ochokera ku Lithuania, monga Elie Susman ndi m'bale wake Harry, anafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 n'kuyamba malonda a ng'ombe, ndipo ku Livingstone kunamangidwa sunagoge. Ku Mbale m'dziko la Uganda kuli Abayudaya, zidzukulu za anthu amene anatsatira Semei Kakungulu pamene analandira Chiyuda mu 1919. Dziko lathu lakhala pa ubale ndi Israel chiyambire 1964, ndipo silinaudule mu 1973 pamene maiko ambiri a mu Africa anatero. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 a ku Malawi ananyamuka kukagwira ntchito m'minda ya kumeneko, dziko limene pa sabata ya Paska masitolo ambiri amaphimba mashelefu a buledi ndi mabisiketi. Choncho mwambo umene tikukambawu ndi wa anthu amoyo, amene akuutsata chaka ndi chaka.

Kukonzekera Paska m'nyumba ya Myuda wosunga mwambo ndi ntchito yothyola msana. Buku la Eksodo limaletsa kupezeka kwa chotupitsa chilichonse m'nyumba pa masiku a chikondwerero, ndipo aphunzitsi awo analitenga lamuloli mpaka kumapeto kwake. Amayi ndi ana amakutumula matumba a zovala, kukwecha miphika, kusuntha makabati ndi kusesa pansi pa mipando kuti pasatsale nyenyeswa ya buledi. Mabanja ambiri ali ndi mbale ndi miphika yapadera imene imatuluka pa sabata imeneyi yokha. Usiku wotsiriza mwini nyumba amazungulira zipinda ndi kandulo, ena atagwira nthenga ndi supuni yamtengo yowolera zotsala, ndipo m'mawa zonse zimene zapezeka amaziwotcha panja. Munthu angayembekeze kuti buku la malamulo a chikondwerero chotere liyamba ndi tsache kapena kandulo. Koma m'buku lalikulu la malamulo awo lotchedwa Shulchan Aruch, limene Joseph Karo analemba ndipo linasindikizidwa ku Venice mu 1565, ndime yoyamba ya malamulo a Paska imanena za kuyamba kuphunzira malamulowo kutatsala masiku 30, ndipo pomwepo Moses Isserles wa ku Kraków anawonjezerapo mwambo wogula tirigu wogawira osauka. Ndalama zimenezi mpaka lero amazitcha ndalama za tirigu, ngakhale masiku ano zimagula mkate wopanda chotupitsa wophikaphika, vinyo, nyama ndi mafuta. M'masunagoge ambiri achinyamata amasonkhana kulongedza makatoni a zakudya m'masabata omwewo amene kunyumba akusesa, ndipo ena amatenga mapaketi osatsegula a zakudya zimene sangadye pa Paska n'kukapereka kumalo othandizira anjala amene si Ayuda. Ntchito ya tsache ndi ntchito ya katoni zimayendera limodzi.

Mwambowu unayamba kale kuposa Isserles. Talmud ya ku Yerusalemu, nkhokwe ya ziphunzitso za aphunzitsi a Chiyuda imene inasonkhanitsidwa cha m'ma 400, imawerengera tirigu wa Paska pakati pa zinthu zimene nzika ya mudzi iyenera kusonkha, ndipo imati munthu amene wakhala pamudzipo miyezi 12 ndi nzika: ngati ali nazo asonkhe, ngati alibe alandire. Aphunzitsi a pambuyo pake anachepetsa nthawiyo kufika pa masiku 30. Mishnah, nkhokwe ina ya malamulo awo imene ndi yakale kuposa pamenepo, ya cha m'ma 200, imalamula kuti ngakhale mmphawi wotheratu asalandire zikho za vinyo zochepera zinayi pa usiku wa Paska, ngakhale zitachokera m'mbale ya osauka. Vinyo sathetsa njala, ndipo ndi pamenepa pamene maganizo awo akuonekera bwino. Cholinga chawo chinaposa kuti wosauka asafe. Ankafuna kuti achite chikondwerero chathunthu ngati wina aliyense, patebulo pake, akufotokozera ana ake nkhani ya kutuluka mu Ejipito. Usiku wa Paska ndi usiku wokumbukira kuti akapolo anasanduka mfulu, ndipo mfulu imadya m'nyumba mwake. N'chifukwa chake mphatso iyenera kufika msanga. Ufa wofika sabata ziwiri tsiku lisanakwane umamusandutsa mayi wamasiye kukhala mwini phwando, woti akhoza kuyitana mlendo. Mbale ya mpunga yofika madzulo a tsikulo imamusiya ali wolandira makombo, ana ake atatha kale tsiku lonse akununkhiza za eni. Mlimi wa ku Kasungu amadziwa kuti feteleza wothira chimanga chitatulutsa kale ngayaye ndi feteleza yemweyo, wogulidwa pa mtengo womwewo, koma ntchito yake yapita.

Purimu ili ndi dongosolo lofanana. Buku la Estere limatchula zinthu zitatu zoyenera tsikulo: madyerero, kutumizirana zakudya, ndi mphatso kwa osauka. Aphunzitsi anaika muyeso wake: mitundu iwiri ya chakudya kwa mnzako mmodzi, ndi mphatso kwa osauka osachepera awiri, yoperekedwa tsiku lomwelo kuti agulire chakudya chawo cha chikondwerero. Anawonjezera kuti pa tsikuli aliyense wotambasula dzanja apatsidwe popanda kumufufuza, ndiponso kuti ndalama zosonkhedwera Purimu zisapatutsidwire ku ntchito ina. Moses Maimonides, amene anabadwira ku Córdoba n'kumwalira ku Ejipito mu 1204, anaphunzitsa kuti ndi bwino kuwononga zambiri pa mphatso za osauka kusiyana ndi pa madyerero ako kapena pa zotumizira anzako. Ponena za zikondwerero zina, anati munthu wotseka chipata chake n'kumadya ndi mkazi wake ndi ana ake okha sakukondwera chifukwa cha lamulo la Mulungu; akukondweretsa mimba yake. Mawuwa ndi owawa, koma muzu wake uli m'mabuku amene Akhristu a kuno amawerenga Lamulungu lililonse. Deuteronomo 16 imaika wantchito, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye pa mndandanda wa oyenera kukondwera. Mu Nehemiya 8, anthu akuuzidwa kuti akadye zonona ndi kutumiza gawo kwa amene sanakonzeretu kanthu. Chodabwitsa koposa ndi Levitiko 23, chaputala chimene ndi kalendala ya zikondwerero kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pakatikati pake, chikondwerero cha masabata chitangotha kufotokozedwa ndipo cha malipenga chisanayambe, pa vesi 22 pakubwera lamulo loti wokolola asamalize m'mphepete mwa munda ndipo asakunkhe zotsala. Lamuloli linanenedwa kale m'chaputala 19. Wolemba analibwereza dala pakati pa masiku opatulika, ndipo Rashi, katswiri wa ku Troyes amene anamwalira mu 1105, anafotokoza kuti linaikidwa pamenepo pofuna kusonyeza kuti wosiyira osauka khunkha ali ngati wopereka nsembe m'kachisi.

Tikayang'ana kwathu, chifundo sichisowa. Pa Khirisimasi amayi a chigwirizano, magulu a m'miphakati, makampani ndi andale amapita kuzipatala ndi kundende atanyamula sopo, shuga ndi mchere. Zimenezi n'zabwino, ndipo wodwala wolandira sopo sadandaula. Koma taonani pamene zimaikidwa. Zimachitika pa tsikulo kapena litapita, nthawi zambiri pamaso pa kamera, ndipo wolandirayo amakhala chinthu chimene ena akuchitirapo chikondwerero chawo. Iye mwini sachita chake. Kumudzi, kumene kulibe kamera, mayi amene alibe ufa pa 24 Disembala amadziwika ndi aliyense, koma palibe amene ali ndi udindo wotchulidwa womuonetsetsa kuti waphika. Chitsanzo chofanana kwambiri ndi cha Ayuda m'dziko muno chili kwa anansi athu Asilamu. Kumapeto kwa Ramadan mwini banja aliyense amene ali ndi chakudya choposa cha tsikulo amapereka muyeso wa chakudya, pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka kapena atatu, m'malo mwa munthu aliyense wa m'nyumba mwake, ndi khanda lomwe. Chopereka chimenechi chiyenera kuperekedwa swala ya Idi isanayambe. Chikachedwa chimangosanduka sadaka wamba, udindo wake utaphonyeka. Zipembedzo ziwiri zimene pa zinthu zambiri sizimvana zinafika pa mfundo imodzi, yoti tsiku lopatulika lili ndi khomo, ndipo wosauka ayenera kukhala atalandira chake anthu asanalowe pakhomopo.

Mkhristu angatsutse, ndipo ali ndi pogwira. Paulo anauza Akorinto kuti aliyense apereke monga watsimikizira mumtima, osati mokakamizidwa, ndipo Yesu anadzudzula opereka zachifundo pofuna kuonedwa. Kodi kuika tsiku, muyeso ndi otolera sikupha chikondi n'kuchisandutsa msonkho? Pali choona m'mawu amenewa. Munthu akhoza kupereka ndowa yake ya chimanga chaka ndi chaka, mtima uli gwa, n'kumaganiza kuti wathana ndi Mulungu. Koma kutsutsaku kumayang'ana mtima wa woperekayo n'kuiwala mimba ya wolandirayo. Mtima umadzuka mosiyanasiyana. Lero wakhudzidwa ndi ulaliki, mawa wakwiya ndi mtengo wa feteleza. Mwana wa mayi wamasiye sayenera kudya pa tsiku lokhalo limene mnansi wake wadzuka bwino. Ndipo Paulo yemweyo, pokonza chopereka cha osauka a ku Yerusalemu, sanangodalira kukhudzidwa kwa mitima. Mu 1 Akorinto 16 anaika tsiku, loyamba la sabata, anati aliyense aziika padera monga wapezera, ndipo anakonza zoti mpingo usankhe anthu okapereka ndalamazo. Chifukwa chimene anapereka n'choti pasadzakhale kusonkha pamene iye wafika kale. Ameneyu ndi Myuda woleredwa m'mwambo wokonzekeratu. Lamulo limaika pansi poyambira, ndipo mtima uli ndi ufulu wonse wopitirira pamenepo. Za kudzionetsera, lamulo limathandiza kuposa mtima: chinthu chimene aliyense m'mudzi amachita pa nthawi yake sichipatsa munthu dzina, monga palibe amene amatamandidwa chifukwa chopita kukagwira ntchito pachitsime pa tsiku la chitukuko. Kamera imatsata mphatso yodzidzimutsa. Mishnah imasimbanso kuti m'kachisi munali chipinda chimene opereka ankasiya ndalama mobisa ndipo osauka a m'mabanja olemekezeka ankatengamo mobisa.

Wina anganene kuti Achewa sakusowa kuphunzitsidwa kugawana ndi anthu akutali. Tili ndi chidyerano, pamene mabanja ankabweretsa nsima pamodzi kuti amene kwawo sikunaphikidwe adye osadziwika. Tili ndi dima, tili ndi khunkha m'minda ya mtedza, ndipo tili ndi mwambi wathu woti kupatsa nkuika. Zonsezi n'zoona, koma mwambiwo ukuulula malire ake. Ngati kupatsa ndi kusungitsa, munthu wanzeru amasungitsa pamene adzapezapo. Mbale ya nyama ya Khirisimasi imapita kwa mlamu, kwa aphunzitsi, kwa abusa, kwa amene mawa adzabweza. Gogo wolera zidzukulu zisanu, amene sadzabweza kanthu mpaka kufa, ali kunja kwa mzere umenewo. Nzeru ya Purimu ili pa kulekanitsa zinthu ziwirizi: kutumizirana ndi anzako ndi lamulo lina, mphatso kwa osauka ndi lamulo linanso, ndipo kuchita loyamba sikukumasula pa lachiwiri. Komanso mudzi wa Chichewa umadziwa kale kusonkha mwa lamulo. Pakagwa maliro, uthenga wa mfumu ukamveka, nyumba iliyonse imatulutsa mbale ya ufa ndi kangachepe ka ndalama, pali wolemba maina m'kope, ndipo banja lozolowera kujomba limadzaona lokha tsiku limene zidzaligwere. Palibe amene amati kusonkha kumeneku kwapha chikondi. Aliyense amakuona ngati umunthu weniweni. Ndiye kuti luso tili nalo, kope tili nalo, mphamvu ya mfumu ndi ya mkulu wa mpingo tili nayo. Timazigwiritsa ntchito pa tsiku la misozi lokha. Funso limene mwambo wa Chiyuda ukutifunsa ndi loti n'chifukwa chiyani timaona kuti n'chamanyazi munthu kuikidwa m'manda anthu osadya, koma sitiona manyazi omwewo mnansi akagona ndi njala pa usiku umene tikuyimba kuti Mpulumutsi wabadwa.

Kutsutsa kwina n'kwa masamu. M'midzi yambiri ya ku Kasungu, pofika Januwale osowa amachuluka kuposa okhala nazo. Ndani apatse ndani? Midzi ya Ayuda ya ku Lithuania ndi Poland, kumene mwambo wa tirigu unalimba, sinali midzi ya anthu olemera, ndipo Talmud imati ngakhale wosauka wodalira thandizo ayenera kupereka kanthu. Poyamba mfundoyi imamveka yankhanza, koma imateteza chinthu chofunika. Mudzi ukagawidwa pawiri, opereka uku olandira uko, olandirawo amasiya kukhala anthu a mudziwo n'kusanduka mndandanda, monga timaonera pa kalembera wa chimanga cha thandizo, pamene abale amadana chifukwa cha dzina losowa papepala. Pamene aliyense waponyamo, wina thumba, wina ndowa, wina kambale, wolandira akutenga m'nkhokwe imene iyenso ndi mwini wake. Amayi a banki m'khonde anazindikira zimenezi okha: pambali pa masheya amasunga kathumba ka mavuto, kamene aliyense amaponyamo mofanana.

Chovuta kuyankha ndi ichi: njala siyang'ana kalendala. Kumapeto kwa Febuluwale 2002 boma la Bakili Muluzi linalengeza kuti m'dziko muli ngozi ya njala, chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa kale, ndipo Kasungu linali limodzi mwa maboma amene anavutika koposa. Anthu anadya zitsa za nthochi ndi mizu ya kutchire. Pa tsoka lotere ufa wa chikondwerero ndi dontho chabe, ndipo pali ngozi yoti kupereka kawiri pachaka kungagonetse chikumbumtima kwa miyezi yonse yotsalayo. Sindikuona kuti kutsutsaku kungathetsedwe kotheratu. Zimene zinganenedwe n'zoti m'dongosolo la Ayuda chopereka cha chikondwerero sichinali chokha. Mudzi unali ndi thumba logawidwa Lachisanu lililonse kwa osauka a pamudzipo, ndi mbale ya tsiku ndi tsiku ya aliyense amene alibe chakudya cha tsikulo. Maimonides, posanja njira zisanu ndi zitatu zoperekera, anaika pamwamba pa zonse kumuthandiza munthu ndi ngongole, ntchito kapena malonda apamodzi kuti asadzapemphenso. Ntchito ya chikondwerero ndi kukakamiza mudzi kuwerenga osauka ake pa nthawi yoikika. Otolera tirigu amayenda khomo ndi khomo, ndipo amabwerako akudziwa nyumba imene denga likudontha ndi imene mwana wasiya sukulu. Mudzi umene umadziwerenga chotere kawiri kapena katatu pachaka suchedwa kuona kuti zinthu zikuipa.

Pa dera la fodya pali nkhani ina imene siingalumphidwe. Kwa zaka zambiri maesiteti a ku Kasungu akhala akudalira matenanti, mabanja ochokera kutali, ambiri kummwera, amene amalima fodya wa mwini munda, kulandira phoso ndi zipangizo pa ngongole, n'kudikira malipiro fodya akagulitsidwa. Zonse zikachotsedwa, ena amatsala ndi zochepa zosakwanira ulendo wobwerera kwawo. Mu Novembala 2019 dziko la America linaimitsa fodya wa ku Malawi pamadoko ake chifukwa cha malipoti a ntchito yokakamiza ndi ya ana, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuletsa utenanti, ngakhale kuti chizolowezi cha zaka zambiri sichifa ndi siginecha. Tsopano taganizani mwini munda amene pa Khirisimasi wapha mbuzi n'kugawira antchito ake, kapena wanyamula matumba khumi kupita nawo ku masika a mpingo, pamene malipiro a chaka chatha sanamalize. Wotsutsa anganene kuti kulumikiza chikondwerero ndi kupereka kumapatsa munthu wotereyu sopo wosambira, ndipo ngoziyo ilipodi. Ayuda eni ake anakangana pa mwambo wozunguliza nkhuku pamutu Tsiku la Chitetezo lisanafike n'kuipereka kwa osauka, ndipo Karo anautsutsa. Koma chiphunzitso chawo chinatseka khomo limeneli mwamphamvu. Levitiko 19, chaputala chomwecho chonena za khunkha, chimaletsa kugona ndi malipiro a waganyu mpaka m'mawa, ndipo Deuteronomo 24 imati alipidwe dzuwa lisanalowe. Aphunzitsi anagamula kuti munthu amene wadya mkate wa Paska wakuba sanakwaniritse lamulo, ndiponso kuti nthambi ya kanjedza yakuba siingagwiritsidwe ntchito pa chikondwerero cha misasa. Pa Tsiku la Chitetezo lenilenilo, anthu ali pa kusala, m'sunagoge mumawerengedwa Yesaya 58, pamene mneneri akudzudzula osala kudya amene tsiku lomwelo akupanikiza antchito awo. Amasimbanso za Israel Salanter, mphunzitsi wa ku Lithuania amene anamwalira mu 1883, kuti ophunzira ake atamufunsa choyenera kusamala kwambiri poyang'anira kuphika mikate ya Paska, ntchito ya changu imene mtanda suyenera kukhala mphindi zoposa 18, iye anawauza kuti asamale kusakalipira mayi wamasiye wokanda mtandawo. Dongosolo lake ndi lomveka: malipiro choyamba, mphatso pambuyo, madyerero pomaliza. Mbuzi yoperekedwa ndi munthu amene ali ndi ngongole ya malipiro ndi mbuzi ya tenantiyo kale. Ndipo lamulo lija la masiku 30 likadagwira ntchito kuno, banja lochokera ku Phalombe limene lafika pa esiteti mu Okutobala likadakhala pa mndandanda wa mpingo wa pamalopo pofika Khirisimasi, m'malo moonedwa ngati obwera amene mavuto awo ndi a bwana wawo.

Kalendala ya ulimi wa kuno ikupereka vuto limene Ayuda a ku Kraków analibe m'njira yomweyi. Zikondwerero zathu zazikulu, Khirisimasi ndi Pasaka, zimagwa koyambirira ndi kothera kwa nyengo ya njala, pamene ndalama ya fodya ndi chimanga zimapezeka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Kusonkha kutatsala masiku 30 kukhoza kupeza nkhokwe zili kale pansi. Ndiye kwa ife kukonzekera Khirisimasi kuyenera kuyamba pa masika. Mipingo yambiri imasonkha kale chimanga, mtedza, soya ndi nkhuku pa nthawi imeneyi, koma kawirikawiri zimagulitsidwa kuti zithandize zomanga ndi zoyendetsera mpingo. Palibe choipa kumanga tchalitchi. Chofunika n'choti gawo lodziwika, lolengezedwa pamaso pa onse, lipatulidwe, lithiridwe mankhwala a anankafumbwe, lisungidwe mpaka pakati pa Disembala ndi m'nyengo ya Lenti, ndipo lisakhudzidwe ngakhale malata a vesitili atauluka. Pano ndi pamene ambiri angaseke, chifukwa tonse tikudziwa zimene zimachitikira matumba osungidwa m'manja mwa komiti. Aphunzitsi a Chiyuda sanali ana pa nkhani imeneyi, ndipo sanayerekeze kuti anthu a Mulungu saba. Analamula kuti thumba la osauka litoleredwe ndi anthu awiri ndipo ligawidwe ndi atatu, pakuti kugawa kuli ngati kuweruza mlandu. Otolerawo sankaloledwa kupatukana poyenda. Wotolera akatola ndalama panjira, kapena wina akamubwezera ngongole yake pamsika ali pa ntchitoyo, sankaloledwa kuiika m'thumba la malaya ake, kuopa kuti woona angaganize kuti akutapa za osauka. Ankaiponya m'bokosi lomwelo n'kukaichotsa atafika kunyumba. Ndalama zosintha sankasinthitsa ndi zawo, ndipo chakudya chotsala sankadzigulitsa okha. Komiti ya masika ku Kaomba yofuna kusunga chimanga kuchokera mu Julayi mpaka Febuluwale ingafunike malamulo olimba chimodzimodzi, ndi kuwonjezerapo limodzi limene nyengo yathu ikufuna: makiyi a nkhokwe akhale atatu, ndipo imodzi ikhale m'manja mwa mmodzi wa amene adzalandire.